Wakanidwa chitetezo: kodi mlandu wake wathera pomwepo?



Bolero ali m'chigwa cha Nkhamanga, kuzambwe kwa tauni ya Rumphi, pamsewu wolowera ku Nyika, ku Vwaza ndi ku Hewe kufupi ndi malire a Zambia. Ndi likulu la ufumu wa Chikulamayembe, umene mbiri yake imayamba ndi mlendo: Mlowoka, wamalonda a minyanga amene anaoloka nyanja kuchokera kuvuma cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, eni nthaka n'kumulandira. Dzina lakuti Balowoka m'Chitumbuka likutanthauza ooloka. Ooloka a masiku ano sabwera ndi mikanda ndi nsalu. Amalowera pa Songwe kapena kudzera njira zozemba za ku Karonga ndi Chitipa, ambiri ochokera ku Congo, Burundi, Ethiopia ndi Somalia, ndipo boma la Rumphi lili panjira yawo yopita kumwera. Ena safika kumene akupita. Mu June 2012 bwato linagubuduzika panyanja ku Karonga n'kupha anthu a ku Ethiopia oposa 40, ndipo mu October 2022 mitembo pafupifupi 30 inapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba.

Asilamu ku Bolero ndi ochepa, koma Msilamu wapaulendo akasowa kolowera amafunsa kumene kuli mzikiti. Tsono tiyerekeze kuti munthu wotere wafika, ndipo watulutsa pepala losonyeza kuti anapempha boma la Malawi kuti limuteteze ngati wothawa kwawo, boma n'kukana. Ena mwa ife anganene kuti boma lagamula, munthuyu abwerere kwawo. Ena anganene kuti ndi m'bale wathu m'chikhulupiriro, timubise. Magulu onse awiriwa akugwirizana pa chinthu chimodzi cholakwika: akuyesa kuti mlandu watha. Malamulo a dziko lino komanso fiqh akutiuza kuti kukanidwa koyamba si mapeto, ndipo kuti pamene mlandu ukuunikidwanso munthuyo sayenera kubwezedwa kumene kuli imfa.

Zimene lamulo la Malawi likunena

Malawi inavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, pamodzi ndi chiwonjezero chake cha 1967, m'chaka cha 1987, ndipo chaka chomwecho inavomerezanso pangano la OAU la 1969. Inali nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inali kukhuthulira anthu ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, mpaka chiwerengero chawo chinaposa 1 miliyoni. Lamulo lathu la othawa kwawo, Refugee Act, linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo ndi lomwe likugwirabe ntchito.

Si aliyense wovutika amene lamuloli limamutcha wothawa kwawo. Pangano la 1951 likunena za munthu amene ali ndi mantha omveka oti akazunzidwa chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake, dziko limene anabadwira, gulu limene alimo kapena maganizo ake pandale. Pangano la OAU linawonjezera wothawa nkhondo, ulamuliro wa adani akunja, kapena chipwirikiti chachikulu m'dziko lake. Umphawi ndi kusowa ntchito mulibemo. Apa ndi pamene ambiri amagwera.

Wolowa m'dziko popanda zikalata n'cholinga chopempha chitetezo ayenera kukadzionetsera kwa akuluakulu a boma pasanathe maola 24, kapena m'nthawi yotalikirapo imene akuluakuluwo aiona kuti ndi yomveka. Akatero, salangidwa chifukwa cha kulowa kokhako kufikira pempho lake litagamulidwa. Olowera kumpoto amayamba asungidwa pamalo oyembekezera ku Karonga, kenako n'kupita nawo kumsasa wa Dzaleka ku Dowa. Kumeneko amafunsidwa mafunso ndi ogwira ntchito ku nthambi yoona za othawa kwawo, imene ili pansi pa unduna wa zachitetezo cha m'dziko, ndipo chigamulo chimachokera ku komiti ya othawa kwawo, Refugee Committee. M'komitiyi mumakhala akuluakulu a boma, monga oyang'anira olowa ndi otuluka m'dziko, apolisi ndi a zamaubale ndi mayiko akunja, pamene bungwe la UNHCR limakhalapo ngati loonerera ndi kulangiza.

Komiti ikakana, wokanidwayo ali ndi ufulu wochita apilo kwa nduna, ndipo nduna ikhoza kuvomereza chigamulocho, kuchichotsa kapena kuchisintha. Lamulo la 1989 silinaike bwalo lina loima palokha pamwamba pa nduna. M'maganizo mwanga apa ndi pamene pali chilema chachikulu. Nduna ndi wandale, ndipo ndi mwini unduna womwewo umene unafunsa mafunso ndi kukonza chikalata cha mlandu. Ntchito yake ina ndi kuteteza malire, ntchito imene nthawi zambiri imakokera kukana. Sindikunena kuti nduna singachite chilungamo; ndikunena kuti fisi, ngakhale wokhuta, sitimuika kukhala woweruza pamlandu wa mbuzi, chifukwa mbuziyo siingakhulupirire chigamulo chake ngakhale chitakhala cholondola. Mayiko ena anaona zimenezi: Uganda ili ndi Refugee Appeals Board, South Africa ili ndi Refugee Appeals Authority. Lamulo lathu linalembedwa m'nthawi ya chipani chimodzi, ndiponso likuganizira za khamu la anthu a ku Mozambique amene analandiridwa monga gulu, popanda kufunsidwa mmodzimmodzi.

Chimene chinatsegula khomo lachiwiri ndi malamulo aakulu a dziko a 1994. Gawo 43 likupereka kwa munthu aliyense, osati nzika yokha, ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti imupatse zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Gawo 108 likupatsa khoti lalikulu mphamvu younika lamulo lililonse ndi chigamulo chilichonse cha boma. Choncho amene wakanidwa ndi nduna akhoza kupempha khoti lalikulu kuti liunike, ndipo ayenera kutero mwachangu, pasanathe miyezi 3 kuchokera pamene chigamulo chaperekedwa. Kwa munthu wa ku Bolero khoti lalikulu lapafupi lili ku Mzuzu, kumenenso kuli ofesi ya Legal Aid Bureau yothandiza osakwanitsa kulipira loya.

Ophunzira asiyanitse zinthu ziwirizi, chifukwa tizipezanso mu fiqh. Apilo kwa nduna imafunsa kuti: kodi munthuyu ndi wothawa kwawo kapena ayi? Kuunika kwa khoti kumafunsa funso lina: kodi amene anagamula anatsata lamulo, anamumva munthuyo, anapereka zifukwa, ndipo chigamulo chake ndi chomwe munthu woganiza bwino angafike nacho? Khoti likapeza cholakwika, kawirikawiri siligamula lokha kuti munthuyo ndi wothawa kwawo. Limachotsa chigamulocho n'kubweza mlandu kuti ukamvedwenso.

Mtumiki nayenso anakanidwa kawiri

M'chaka chakhumi cha utumiki, Abu Talib atamwalira ndipo anthu a ku Taif atamugenda, Mtumiki (SAW) sakanatha kulowanso mu Makka popanda jiwar, kutanthauza chitetezo cholengezedwa poyera ndi munthu wolemekezeka. Olemba sira akusimba kuti anatumiza uthenga kwa al-Akhnas ibn Shariq, iye n'kukana ponena kuti sanali Mkuraishi weniweni koma wongophatikana nawo mwapangano, ndipo wotere sateteza munthu kwa eni mudzi. Anatumiza kwa Suhayl ibn Amr, nayenso anakana ponena kuti fuko lake silingateteze munthu motsutsana ndi fuko la Ka'b. Anatumiza kachitatu kwa Mut'im ibn Adi, amene anavomera, nanyamula zida pamodzi ndi ana ake, n'kukalengeza pa Ka'ba. Mut'im anafa asanalowe Chisilamu, koma pambuyo pa nkhondo ya Badr Mtumiki ananena kuti akanakhala moyo n'kupempha kuti akaidi amasulidwe, akanawamasula chifukwa cha iye. Izi zili mu Sahih al-Bukhari.

Taonani kuti makanidwe awiri oyambawo sanakhudze n'komwe funso lakuti Mtumiki anali pachiopsezo kapena ayi. Anali a malamulo a kachitidwe: ine si woyenera kugamula nkhaniyi. Akanakhala kuti kukanidwa ndi umboni woti wopempha ndi wabodza, tikanati chiyani za Mtumiki wathu?

Nkhani ya ku Habasha ikuonetsa mbali ina. M'chaka chachisanu cha utumiki, cha m'ma 615, Asilamu anathawira kwa mfumu Najashi. Akuraishi anatumiza Amr ibn al-As ndi Abdullah ibn Abi Rabi'a ndi mphatso za zikopa, ndipo anayamba agawira nduna za mfumu kuti zikalangize mfumuyo kupereka othawawo isanawamve. Umm Salama (RA), amene analipo, akusimba kuti chimene nthumwizo zinkaopa koposa ndi chakuti Najashi amve mawu a Asilamuwo. Mfumu inakana kugamula isanamve mbali yachiwiri. Ja'far ibn Abi Talib (RA) analankhula, nawerenga chiyambi cha Surat Maryam, ndipo mfumu inawateteza. M'mawa mwake Amr anabweranso ndi mlandu watsopano, wokhudza zimene Asilamu amanena za Isa (AS). Najashi sanathamangitse Amr, ndiponso sanasinthe chigamulo mwamseri. Anaitanitsanso Asilamu, nawamva kachiwiri, kenako n'kutsimikiza chitetezo chawo ndi kubweza mphatso. Chodabwitsa n'chakuti ana a dziko lomwelo la Habasha ndi amene lero akufera m'nkhalango zathu.

Ndipo pa tsiku logonjetsa Makka, chaka cha 8 cha Hijra, Umm Hani (RA) anateteza munthu amene mchimwene wake Ali (RA) ankafuna kumupha. Sanalimbane ndi Ali pakhomo. Anapita kwa wamkulu woposa Ali, ndipo Mtumiki anavomereza chitetezo chake.

Kodi chigamulo chimasinthidwa mu fiqh?

Pali ena amene amati Chisilamu sichidziwa apilo, chifukwa maulama ali ndi lamulo lakuti ijtihad siithetsedwa ndi ijtihad inzake. Lamulolo lilipodi, ndipo al-Suyuti analifotokoza mu al-Ashbah wa al-Naza'ir. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati kadhi wagamula pa nkhani imene maulama amasiyana maganizo, kadhi wina sangachotse chigamulocho chifukwa chongoti iye amakonda maganizo enawo. Kupanda kutero palibe mlandu umene ungathe. Umar (RA) anagamula mlandu wina wa chuma chamasiye pomana abale a bambo ndi mayi mmodzi, ndipo patapita nthawi, pamlandu wofanana nawo, anawagawira pamodzi ndi abale a mayi mmodzi, koma sanabwerere kukaphwasula chigamulo choyamba.

Koma maulama omwewo anagwirizana kuti chigamulo chimachotsedwa chikasemphana ndi mawu omveka a Qur'an kapena Sunna, kapena ndi ijma, ndipo ambiri anawonjezera qiyas yoonekeratu. Chimachotsedwanso zikadziwika kuti mboni zinali zosayenera, kapena kuti kadhi anagamula mlandu umene iye mwini ali ndi gawo. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi kuunika kwa khoti lalikulu kumene tafotokoza: sitikufunsa ngati tikanagamula chimodzimodzi, tikufunsa ngati wogamulayo anadumpha malire.

Palinso kubwereza mlandu wonse. M'kalata yake yotchuka yopita kwa Abu Musa al-Ash'ari (RA), imene Ibn al-Qayyim anaimasulira motalika mu I'lam al-Muwaqqi'in, Umar analangiza kadhi kuti chigamulo chimene anapereka kale chisamulepheretse kubwerera ku choonadi akachizindikira. Ali (RA) ali ku Yemen anagamula mlandu wa anthu anayi amene anagwera m'dzenje losakira mkango, ndipo anawauza eni mlandu kuti ngati sakukhutira apite kwa Mtumiki. Anapitadi, ndipo Mtumiki atawamva anatsimikiza chigamulo cha Ali. Nkhaniyi ili mu Musnad ya Imam Ahmad. Mu Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya amayi awiri olimbirana mwana: Dawud (AS) anagamula kuti mwana ndi wa wamkulu, Sulayman (AS) atawayesa anamupereka kwa wamng'ono. Pambuyo pake maufumu a Chisilamu anakhazikitsa bwalo la mazalim lomvera madandaulo otsutsana ndi akuluakulu a boma. Al-Mawardi, amene anamwalira mu 450 Hijra, chaka cha 1058, analemba mu al-Ahkam al-Sultaniyya kuti Abd al-Malik ibn Marwan ndiye anayamba kupatula tsiku lomvera madandaulo otere. Mfundo ya bwalo limenelo inali yakuti wodandaulidwa asakhale yemweyo womva dandaulo, mfundo imene lamulo lathu la 1989 silinaifikire.

N'chifukwa chiyani chigamulo choyamba chimalakwika?

Pamilandu ya malire a munda pamakhala mboni ndi mitengo yoloza. Pamlandu wa wothawa kwawo, umboni waukulu ndi pakamwa pake. Amene watenthedwa nyumba satenga zikalata. Choncho wofunsa mafunso amayang'ana ngati nkhani ikugwirizana, ndipo kusiyana pang'ono pa tsiku kapena pa dzina la mudzi kukhoza kuoneka ngati bodza. Komatu munthu wa ku Ethiopia amawerenga zaka ndi miyezi mwa kalendala ya kwawo, imene ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8 poyerekeza ndi yathu. Mayi wogwiriridwa ndi asilikali sangafotokoze zimenezo kwa mwamuna wachilendo pa tsiku loyamba, makamaka womasulira akakhala wa kumsasa komweko amene adzakumana naye pamjigo. Akadzafotokoza pambuyo pake, amafunsidwa chifukwa chake sananene kale.

Mtumiki (SAW) anachenjeza, mu hadith ya Umm Salama, kuti iye ndi munthu amene amagamula motengera zimene wamva, ndipo kuti wina akhoza kukhala wodziwa kuyala mfundo kuposa mnzake. Ngati Mtumiki anavomereza kuti luso la pakamwa likhoza kupotoza chigamulo, nanji ofisala amene akumva nkhani kudzera mwa womasulira? Nkhani ya womasulirayo maulama sanaipepule. Imam Abu Hanifa analola womasulira mmodzi wokhulupirika, pomuona ngati wopereka uthenga, pamene Imam al-Shafi'i anafuna awiri, pomuona ngati mboni. Wochita apilo amene mawu ake anamasuliridwa molakwa ali ndi chifukwa chomveka, mu fiqh ndi m'malamulo a dziko momwe.

Kufufuza pakokha si tchimo. Mu Surat al-Mumtahana, ndime 10, Allah analamula kuti amayi osamukira ku Madina pambuyo pa pangano la Hudaybiya ayesedwe, ndipo akapezeka kuti ndi okhulupirira asabwezedwe. Zanenedwa kuchokera kwa Ibn Abbas (RA) kuti ankalumbiritsidwa kuti sanatuluke chifukwa chodana ndi mwamuna kapena kufuna za m'dziko. Boma lili ndi ufulu wosiyanitsa wothawa imfa ndi wosaka ntchito. Koma taonani kuti poyesapo umboni unali lumbiro la mayiyo, osati kalata yochokera kwa omwe anamuzunza.

Ma'man: kumene wokanidwa ayenera kufikitsidwa

Ndime 6 ya Surat al-Tawba ndiyo maziko a nkhani yonseyi. Allah akulamula kuti wopembedza mafano akapempha chitetezo atetezedwe, apatsidwe mpata womva mawu a Allah, kenako afikitsidwe ku ma'man yake, malo amene adzakhale opanda mantha. Ndimeyi ili m'sura imene ikulankhula mwaukali za nkhondo, ndipo ikunena za munthu amene si Msilamu ndipo mwina sadzakhala Msilamu. Ngakhale amene pempho lake lathera pomwepo sakankhidwira kwa adani, amaperekezedwa.

Pa maziko amenewa al-Shaybani, wophunzira wa Abu Hanifa amene anamwalira mu 189 Hijra, chaka cha 805, anamanga malamulo a aman mu al-Siyar al-Kabir. Maulama anafika ponena kuti ngati munthu walowa akukhulupirira kuti wapatsidwa aman, koma aman yakeyo n'kupezeka kuti ndi yosavomerezeka, monga yoperekedwa ndi mwana, saphedwa ndipo sagwidwa ukapolo, koma amabwezedwa ku ma'man. Umar analembera asilikali ake kuti ngakhale liwu la Chiperezi lotanthauza kuti usaope, Msilamu akalinena kwa mdani, ndi aman. Chikaiko chimakomera wopempha. Malamulo a makono ali ndi mfundo yomweyi m'gawo 33 la pangano la 1951, ndipo lamulo la Malawi nalo likuletsa kubweza wothawa kwawo kumalire a dziko limene moyo kapena ufulu wake uli pachiopsezo. Popeza sitidziwa ngati munthu ndi wothawa kwawo kufikira mlandu wake utatha, kumuthamangitsa apilo isanamvedwe ndi kugamula mlandu ndi galimoto. Katswiri wa malamulo wa ku Egypt, Ahmed Abou-El-Wafa, anayerekeza Shariya ndi malamulo a makono pa nkhani imeneyi m'buku limene UNHCR inatulutsa mu 2009.

Wophunzira wakhama afunsa: nanga Abu Jandal ndi Abu Basir, amene Mtumiki anawabweza kwa Akuraishi motsatira pangano la Hudaybiya m'chaka cha 6 cha Hijra? Funsoli ndi lolemera, ndipo maswahaba enieniwo, makamaka Umar, linawapweteka. Maulama a Chihanafi anati chilolezo choika mfundo yotere m'pangano chinafafanizidwa. A Chishafi'i anati n'kololedwa kubweza mwamuna yekhayo amene ali ndi abale oti akamuteteze, osati wopanda womuimira, ndipo mkazi sabwezedwa konse. Njira zonse ziwiri zikufika pamodzi: palibe mazihabu imene inatenga Hudaybiya ngati chilolezo chopereka munthu wopanda chitetezo kwa womupha. Ndi bwinonso kunena kuti malamulo a aman analembedwa za munthu wochokera kudziko la adani akulowa m'dziko la Asilamu, pamene Malawi si dziko loyendetsedwa ndi Shariya. Chimene tikutengapo ndi mfundo, osati ndondomeko yonse.

Bodza pa apilo

Nkhaniyi ili ndi mbali imene ikutikhudza ife eni. Achinyamata ambiri a Chisilamu a ku Mangochi, Machinga ndi madera ena amapita ku Joni, ndipo ena amatenga pepala la asylum chifukwa limalola kukhala ndi kugwira ntchito pamene mlandu ukudikira. Ku South Africa, pansi pa lamulo la 1998, pempho limene laoneka kuti lilibiretu maziko limaunikidwa ndi Standing Committee for Refugee Affairs, pamene lokanidwa pa zifukwa zina limapita ku Refugee Appeals Authority. Mu 2021 boma la dzikolo ndi UNHCR anasainirana pangano lothana ndi milandu yoposa 153,000 imene inaunjikana. Mumzere umenewo muli mayi wa ku Kivu amene ana ake anaphedwa, ndipo kutsogolo kwake kwaima mnyamata wa kwathu kuno amene wapeka nkhani ya nkhondo imene kulibe.

Umphawi wake ndi weniweni, ndipo sitikumunyoza. Koma hadith yomwe ija ya wodziwa kuyala mfundo imatha ndi chenjezo lakuti amene wapatsidwa gawo la mnzake chifukwa cha luso la pakamwa wapatsidwa chidutswa cha moto. Maulama ambiri amati chigamulo cha kadhi sichisandutsa haramu kukhala halali. Ufulu wa apilo ndi wa amene akukhulupirira kuti choonadi chake sichinamveke. Kugwiritsa ntchito apilo pongofuna kugula zaka, ukudziwa kuti nkhani ndi yopeka, ndi umboni wabodza, umene Mtumiki anauika m'gulu la machimo akuluakulu. Mashehe athu ayenera kunena zimenezi mnyamata asanakwere basi.

Tibwerere kumzikiti wa ku Bolero

Kale Msilamu aliyense wamkulu ndi wanzeru zake, mwamuna kapena mkazi, ankatha kupereka aman, ngakhale kuti ena mwa a Chimaliki, monga Ibn al-Majishun ndi Sahnun, anati aman ya mkazi imadikira chivomerezo cha mtsogoleri. Lero mphamvu imeneyo ili m'manja mwa boma, ndipo komiti ya mzikiti siingapatse munthu chilolezo chokhala m'dziko. Kumubisa kumaika jamaa pamlandu ndipo kumaononga apilo yake, chifukwa masiku amatha iye ali kuchipinda. Kumulumikiza ndi ozembetsa anthu ndiye koipitsitsa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lothana ndi malonda a anthu, ndipo manda a ku Mtangatanga akuonetsa kumene njira imeneyo imathera.

Tidziwenso kuti apilo siimupatsa ufulu wokhala pa Bolero. Povomereza pangano la 1951, Malawi inakana kumangidwa mokwanira ndi magawo 9, kuphatikizapo gawo 26 la ufulu wosankha kokhala. Mu August 2022 khoti lalikulu linachotsa chiletso chimene chinkaimitsa boma kubweza othawa kwawo kumsasa, ndipo kuyambira May 2023 apolisi ndi asilikali anagwira mazanamazana m'matauni, ena n'kuyamba asungidwa kundende ya Maula. Dzaleka, imene inali ndende ya andale ndipo inasandutsidwa msasa mu 1994 kuti isunge anthu 10,000 mpaka 12,000, tsopano ili ndi oposa 50,000. Ndi malo othinana ndi anjala, koma kumeneko ndi kumene mlandu wake ukuyendera.

Chimene jamaa ingachite ndi ichi. Imudyetse ndi kumugoneka monga mlendo, Msilamu kapena ayi. Wina wodziwa Chingerezi awerenge pepalalo bwinobwino, aone tsiku limene linalembedwa, zifukwa zimene zaperekedwa ndi nthawi imene yaikidwa yochitira apilo. Ngati zifukwa palibe, chimenecho ndicho chidandaulo choyamba, motsatira gawo 43. Kalata ya apilo isangobwereza nkhani yakale kapena kupempha chifundo. Iyankhe chifukwa chilichonse chimene komiti inapereka, ifotokoze pamene womasulira analakwitsa, inene zimene sizinanenedwe poyamba ndi chifukwa chake, ndipo ionjezere umboni watsopano ngati ulipo, monga kalata ya dokotala yosonyeza zipsera, kapena kusintha kwa zinthu kwawo kuchokera pamene anafunsidwa. Pa zakat, munthu wotere akulowa m'gulu la ibn sabil lotchulidwa mu Surat al-Tawba, ndime 60, ndipo ndalama yoyendera kuchoka pa Bolero kupita ku Mzuzu kwa loya kapena ku Dowa ikhoza kuchokera m'thumba limenelo. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Ombudsman nawonso amalandira madandaulo.

Ngati apilo ndi khoti zonse zakana, ndipo kwawo kulibedi chiopsezo, kwawoko ndiye ma'man yake, ndipo timuthandize kubwerera mwaulemu. Lamulo la 1989 linayamba kuunikidwanso ndi a Law Commission, ndipo mabungwe a Chisilamu ali ndi zoti akanene kumeneko: kuti apilo izimvedwa ndi bwalo loima palokha m'malo mwa nduna, kuti wokanidwa aliyense azipatsidwa zifukwa m'chiyankhulo chimene akumva, kuti pakhale malire a nthawi yogamulira, ndiponso kuti mayi azitha kusankha wofunsa ndi womasulira wamkazi.